Kupuma pa Ntchito, Banja ndi Singano ya Tabita

Tsiku lotsazikana ndi munthu wopuma pa ntchito limakhala lachisangalalo. Anzake amakamba zabwino zake zokhazokha, amampatsa mphatso, mwina wotchi ya pakhoma kapena bulangete, n'kumperekeza ndi nyimbo. Lovuta ndi Lolemba lotsatira. Thupi lidazolowera kudzuka mbandakucha kwa zaka 30 kapena kuposerapo, ndiye limadzukabe, koma kulibe minibasi yoithamangira, kulibe kalasi, wodi kapena ofesi yomdikira. Ana apita ku ntchito, adzukulu ku sukulu, ndipo pofika 8 koloko nyumba yangoti zii. M'parishi ya m'tauni anthu otere ndi ambiri. Ndiwo amadzaza mabenchi pa Misa ya m'mawa mkati mwa sabata, ndipo Misa ikatha amakhala ndi tsiku lonse m'manja.

Malembo Oyera sakamba zambiri za kupuma pa ntchito, chifukwa alimi ndi abusa a ziweto a nthawi imeneyo ankagwira ntchito mpaka mphamvu zitatha. Komabe m'buku la Numeri 8:23-26 muli lamulo la Alevi, amene ankatumikira ku chihema cha msonkhano ndi kunyamula katundu wake pa ulendo. Mlevi ankayamba utumiki ali ndi zaka 25, ndipo akafika zaka 50 ankautula. Lamulolo silidamthamangitse. Lidamlola kukhalabe pakati pa abale ake ndi kumawathandiza kuyang'anira malowo, koma katundu wolemera uja ankasenza ndi ena. Pali zinthu ziwiri pamenepa: kutula zimene zayamba kulemera, ndi kukhala pafupi ndi anthu ako uli ndi kanthu kochita. Ambiri amakonzekera choyambacho, chachiwiri n'kuchiiwala.

Kale nkhani inali yodziwika. Munthu akapuma ankalongedza katundu n'kubwerera kumudzi, kumene adamangako nyumba ya malata akadali pa ntchito. Masiku ano ambiri amaima kaye n'kuganiza. Ana ndi adzukulu ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amapezeka msanga m'tauni. Kumudzi kumene munthu adachokako ali mnyamata, amsinkhu wake ambiri adatsikira kuli chete, ndipo iye amafikako ngati mlendo. M'madera ena okalamba amanamiziridwa ufiti, chinthu chochititsa manyazi chimene Mpingo wakhala ukuchidzudzula. Choncho kusankha kukhala pafupi ndi ana si kuthawa kwanu. Buku la Rute limatha ndi Naomi, mayi amene adaika m'manda mwamuna ndi ana ake awiri ku dziko lachilendo, atafungatira khanda Obedi ndi kumalilera. Papa Francis nayenso mu 2021 adakhazikitsa Tsiku la Agogo ndi Okalamba, Lamulungu lachinayi la Julaye, pafupi ndi chikondwerero cha Yowakimu ndi Anna Oyera pa 26 Julaye, pofuna kuti mibadwo isatalikirane.

Koma kuyandikana kuli ndi misampha yake, ndipo ndi bwino kuitchula poyera. Msampha wina ndi wakuti agogo amasanduka wantchito wosalipidwa. Poti “sagwira ntchito”, ndiwo alere khanda, adikire wokonza mpopi, akatenge ana ku sukulu, alonde nyumba ena akapita ku ukwati. Poyamba amachita mokondwa, kenaka zimasanduka lamulo losalembedwa. Msampha wina ndi wotembenuza. Munthu amene adazolowera kuyang'anira antchito 20, lero alibe womuyang'anira, ndiye amayamba kuwerenga makapu a mpunga m'khitchini ya mpongozi wake. Mabanja ena abwino asokonekera pamenepa popanda munthu woipa ndi mmodzi yemwe. N'chifukwa chake kukhala pafupi sikutanthauza denga limodzi nthawi zonse. Kumene kungatheke, kanyumba ka kuseri kokhala ndi khomo lakelake kamasunga ulemu kuposa chipinda chabwino cha m'nyumba yaikulu. Ndipo wopumayo amafunika ntchito ya manja imene ili yake, yoti akaigwira anthu adziwe kuti agogo atanganidwa.

Apa ndi pamene nkhani ya Tabita imathandiza. Luka Woyera, m'buku la Ntchito za Atumwi 9:36-42, akusimba za mayi wa ku Yopa, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean umene lero ndi Jaffa, mbali ya Tel Aviv. Dzina lake m'Chiaramu linali Tabita, m'Chigriki Dorika, ndipo onse awiri amatanthauza kanyama kothamanga konga insa. Luka sakunena zaka zake, mwamuna wake kapena ana ake. Akungonena kuti anali wophunzira wa Ambuye, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse ndi iye yekha amene akutchulidwa ndi liwu la Chigriki lotanthauza wophunzira wamkazi. Mayiyu atadwala n'kumwalira, adamsambitsa n'kumgoneka m'chipinda chapamwamba, ndipo adatuma anthu awiri ku Lida kukaitana Petro.

Petro atalowa m'chipindamo, akazi amasiye adamzungulira akulira. Luka sadalembe mawu alionse amene iwo adanena. Adalemba zimene adachita: ankamuonetsa mikanjo ndi malaya amene Tabita adasoka akadali nawo. Akatswiri ena a Baibulo amaganiza kuti zovalazo adali atazivala m'thupi pomwepo. Kuti izi zimveke bwino, ndi bwino kukumbukira kuti masiku amenewo ulusi uliwonse unkapotedwa pamanja, nsalu n'kulukidwa pamanja. Chovala chinali chuma, mwakuti munthu ankatha kuchipereka ngati chikole, ndipo Eksodo 22:26-27 amalamula kuti mwinjiro wa mmphawi ubwezedwe dzuwa lisanalowe, popeza ndiwo chofunda chake. Mkazi wamasiye amene adalandira mkanjo kwa Tabita adalandira chinthu cha masiku ambiri a ntchito. Petro adatulutsa onse, adagwada n'kupemphera, ndipo Tabita adatsekula maso n'kukhala tsonga. Dzina lake silidafe. Ku Britain m'zaka za m'ma 1800 kudali magulu a amayi osokera osauka zovala otchedwa ndi dzina lakelo, ndipo kuno kwathu aliyense amawadziwa amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist. Akale adati kupatsa n'kuika.

Kusoka kumamuyenera munthu wopuma pa zifukwa zooneka ndi maso. Sikufuna munda, sikufuna mphamvu zambiri, ndipo kumatheka kuikidwa pansi mdzukulu akalira n'kudzapitirizidwa madzulo. Amayi ambiri a zaka 60 lero adaphunzira zosokasoka ku pulayimale kapena ku magulu a amayi, ndipo zala zimakumbukira msanga kuposa mutu. Abambo nawonso asaone ngati ndi za amayi okha. Ongoyenda pa makonde a masitolo ku Limbe kapena ku msika waukulu wa Lilongwe adzaona kuti matelala ambiri ndi amuna.

Poyambira sipafuna ndalama zambiri: singano, ulusi, sizasi yakuthwa, tepi yoyezera ndi zigamba za zitenje. Zigamba zimapezeka kwa matelala, amene nthawi zambiri amazitaya kapena kuzigulitsa motsika mtengo. Chitenje chatsopano chiyambe chachapidwa chisanadulidwe, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ina imasuluka n'kudetsa zinzake. Wofuna kulumikiza zigamba kuti apange choyala pa bedi kapena pilo adule kakatoni ka makona anayi kuti kakhale muyeso wake, ndipo mbali zonse azisiya sentimita imodzi ya msoko. Zigamba zikasiyana kukula ngakhale pang'ono, mizere imakana kukumana, ndipo cholakwacho chimaoneka ntchito itapita kale patali. Timizere totsalira nato sititayidwa. Tikalowetsedwa m'mabowo a thumba la ufa kapena la feteleza lochapidwa bwino, timapanga chopondera cha pakhomo chimene chimakhala zaka. Posoka pamanja, ulusi usatalike kupitirira mkono, chifukwa wautali umapotana n'kumanga mfundo.

M'nyumba zambiri muli makina akale a Singer kapena Butterfly, opalasa ndi mapazi, amene adasanduka poikapo maluwa. Makina amenewa ndi olimba, ndipo magetsi akazima iwo sadziwako. Kawirikawiri amangofuna kupukutidwa, lamba watsopano ndi mafuta a makina. Mafuta ophikira asayandikireko, chifukwa amauma n'kumata zitsulo. Singano ya nambala 14 imakwanira nsalu ya chitenje, ya nambala 16 ndi ya nsalu zolimba ngati jinzi, ndipo makina akayamba kudumphitsa msoko, choyamba kusintha ndi singanoyo munthu asanaitane wokonza.

Nkhani ya ndalama ndiyo imafuna mutu wozizira. Lamulo la penshoni la mu 2011 lidakakamiza olemba ntchito kuikira wantchito 10 peresenti ya malipiro ake, iye mwini n'kuikapo 5 peresenti, ndipo zimenezi zathandiza ambiri. Koma kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene inkaoneka yokwanira pa tsiku lotsazikana lija lero siifika pakati pa mwezi. N'zomveka kuti munthu akasoka zikwama ziwiri zokongola, achibale amayamba kumuuza kuti atsegule shopu. Apa m'pofunika kuwerenga bwino. Choyala pa bedi cha zigamba chimadya masabata, ndipo pa msika chimakapikisana ndi kaunjika wotsika mtengo. Ogula oyamba amakhala achibale ndi anzake a ku tchalitchi, amene amatenga pa ngongole ndipo ndi ovuta kuwalonjerera. Kugulitsa zochepa kuti papezeke ya ulusi ndi nsalu ndi nzeru. Kuthira penshoni yonse m'makina atatu ndi lendi ya shopu msika usanayesedwe ndi kuika pa ngozi ndalama imene sidzabweranso, ndipo chimene chinali chosangalatsa chimasanduka bwana watsopano. Pa chifukwa chomwecho, agogo ali ndi ufulu wokana kukhala telala waulere wa fuko lonse. Yunifolomu yobwera nayo Lamulungu usiku kuti ivalidwe Lolemba ipite kwa telala wa pa khonde, amenenso ali ndi ana oti adyetse.

Thupi nalo lili ndi malire ake. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo kulowetsa ulusi pa singano kumakhala nkhondo. Ambiri amasiyira pomwepo kusoka, chonsecho magalasi owerengera okha akadathetsa vutolo. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ku chipatala, ndipo wodwala shuga ayenera kupimitsa maso chaka chilichonse ngakhale akuona bwino. Kusoka kuchitike masana, pa khonde kapena pafupi ndi zenera, pa mpando wochirikiza msana, ndipo wosokayo azidzuka pafupipafupi kuwongola miyendo ndi zala.

Singano ikhozanso kumtsekera munthu m'nyumba yekha, ndipo zikatero yalephera ntchito yake. Tabita sankasoka kuti adzaze bokosi. Mu mphakati uliwonse muli opuma pa ntchito awiri kapena atatu amene angamakumane tsiku limodzi pa sabata, wina n'kubwera ndi makina, wina ndi luso lopeta, wina ndi nkhani zokha, zimenenso ndi zofunika. Zoti asoke sizisowa. Nsalu za pa guwa zimang'ambika, tinsalu topukutira chikho cha pa Misa timatha, ndipo pa ubatizo uliwonse pamakhala mayi amene alibe kovala koyera ka mwana wake koma sanganene. Pali okalamba ena ogona m'nyumba zozizira m'mwezi wa Juni. Palinso adzukulu. Buku loyamba la Samuele 2:19 limasimba kuti Hana chaka ndi chaka ankasokera mwana wake kamkanjo n'kukampatsa ku Silo, ndipo mayi wosokera mwana amene amamuona kamodzi pa chaka amayenera kulingalira m'mutu kuti wakula bwanji. Agogo okhala pafupi ali ndi mwayi umene Hana adalibe: muyeso ali nawo pakhomo. Mdzukulu wa zaka 8, mnyamata kapena mtsikana, akhoza kuphunzira kusokerera batani m'madzulo amodzi, ndipo pa nthawi imeneyo amamva mbiri ya kumudzi imene sakadaifunsa.

Ana a m'nyumbamo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yodula. Awaperekeze makolo kukapimitsa maso. Pobwera ku tauni azikumbukira ulusi monga amakumbukira buledi. Tebulo la zosokera likhale ndi malo ake okhazikika, lisamachotsedwe nthawi iliyonse kukabwera alendo, ndipo sizasi ya nsalu isadulire mapepala a homuweki. Asanawasiyire mwana, ayambe afunsa ngati agogo ali ndi zochita tsiku limenelo. Ndipo akasokeredwa chikwama kapena malaya, asakazitsekere m'sutikesi. Azivale popita ku Misa.