Mapaipi a nthunzi akugogoda, talakwitsa pati?

Funso: Ndimawotcherera zitsulo pa Lirangwe. Ndinathandiza kulumikiza boila yaing'ono youmitsira mango ku Chileka, koma mapaipi akugogoda ngati wina akumenya ndi hamala, ndipo rediyeta ikutentha pamwamba pokha. Talakwitsa pati?

Yankho: Akugogodawo ndi madzi, bambo. Nthunzi ikapereka kutentha kwake imasanduka madzi, ndipo akasowa potulukira, nthunzi yobwera m'mbuyo imawakankha mwamphamvu n'kuwawombetsa pa makona a paipi.

Valavu iikeni pa paipi yolowetsa nthunzi, chakumtunda kwa rediyeta. Steam trap, kachipangizo kotulutsa madzi koma kotsekereza nthunzi, ikhale pa paipi yotulukira, pansi pa rediyeta, kuti madzi azitsetserekera okha. Paipiyo ipendekeke pang'ono kulowera ku trap, ndipo madzi asanafike pa trap muike kasefa kogwira dzimbiri. M'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, komwe nthunzi imatenthetsa mpweya woumitsira masamba, lamulo lake ndi lomweli.

Musanamasule nati iliyonse, zimitsani moto, dikirani mapaipi azizire. Nthunzi ya m'boila imapitirira madigiri 100, ndipo imasupula khungu nthawi yomweyo.