PHUNZIRO: A SOCIAL WELFARE AKABWERA KUDZAONA PAKHOMO

Werengani: Estere 2:5-7

Amayi anzathu, ambiri mwa ife tikulera ana a abale athu amene anatisiya. Kulera kwachibale kotereku sikupita kukhoti. Koma banja likafuna kutenga mwana kuti akhale wake mwalamulo, njira yake ndi ina, ndipo imadzera pa mlendo wochokera ku ofesi ya Social Welfare.

Lamulo lotengera ana m'Malawi muno ndi la mu 1949. Limati wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, ndipo mwamuna amene ali yekha asatenge mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera. Kupereka ndalama ngati kugula mwana n'koletsedwa. Wogamula ndi woweruza, koma woweruzayo sadziwa pakhomo pathu. N'chifukwa chake khoti limasankha wa Social Welfare kuti aimire mwanayo, afufuze, ndi kulemba lipoti.

Tikamva kuti mlendoyu akubwera, timathamangira kukolopa ndi kubwereka mipando kwa aneba. Ukhondo sitikuukana ayi. Adzaonadi pogona mwana, madzi akumwa, chimbudzi, mtunda wa kusukulu ndi kuchipatala, komanso m'mene timapezera chakudya. Koma kulemera sikupatsa munthu ufulu wolumpha kufufuzaku. Mu 2006 khoti linapereka David Banda kwa Madonna mongoyembekezera kwa miyezi 18, wa Social Welfare anapita ku London kukaona m'mene mwanayo akukhalira, ndipo chigamulo chomaliza chinabwera mu 2008.

Gawo lovuta ndi la mafunso. Mwanayu mukumufuniranji? Bambo a m'nyumba avomera ndi mtima wonse, kapena angoti "zili kwa inu mayi"? Ana anu mwawauza? Nanga apongozi ndi amalume akuti chiyani? Tisawanyoze mafunso amenewa ngati kulowerera za m'banja. Tonse taonapo zimene zimachitika bambo akamwalira: abale amene sanamulandire mwanayo poyamba ndiwo amayamba kunong'ona pamaliro pomwepo kuti si wamagazi awo. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limamuwerenga mwana wotengedwa mwalamulo mofanana ndi wobadwa m'nyumbamo. Komabe mwana angathe kupambana mlandu wa nyumba, n'kumakhala pakati pa anthu osamulankhula. Ndi bwino kukambirana ndi abale mlendoyo asanafike.

Mlendo yemweyu amafufuzanso kumene mwana akuchokera. Kholo kapena womusunga ayenera kuvomera akumvetsa bwino kuti mwanayo sakupita kukaphunzira kuti adzabwerere. Ufulu wa ukholo ukuchoka m'manja mwawo mpaka kalekale.

Pali mbali imene ikutikhudza ngakhale ife amene sitikufuna kutenga mwana. Wofufuzayo angathe kufunsa aneba, amfumu kapena ansembe za khalidwe la banjalo, ndipo wofunsidwayo akhoza kukhala mmodzi wa ife. Apa m'pamene timagwa, chifukwa cha manyazi. Mayi amene timavala naye yunifolomu imodzi, tinene bwanji kuti amuna awo akaledzera amamenya ana? Koma tikabisa, wodzagona m'nyumba imeneyo si ife, ndi mwana amene sangathe kudzilankhulira. Tinene zimene taona ndi maso athu, osati zamseche.

Kambiranani m'magulu: mutafunsidwa za banja la mnzanu wapamtima, mungayankhe bwanji?