Kodi Matenda Anga Sadzaululika Pakompyuta?

Funso: Adokotala, pachipatala cholipira kuno ku Roma analemba matenda anga ndi nambala ya chiphaso changa cha NRC pakompyuta. Ndili ndi nkhawa kuti ena adzaziona. — Mayi wa ku Roma, Lusaka

Yankho: Amayi, mtima m'malo. Kompyuta imathandiza dokotala kuona msanga mankhwala amene munalandirapo kale. Nazo zipatala za boma zimasunga mbiri ya odwala pakompyuta kudzera mu SmartCare. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza mbiri ya thanzi lanu. Chitani izi:

- Funsani amene amaloledwa kuitsegula.
- Pemphani kuiona, ndipo zolakwika akonze.
- Musasaine pepala lomwe simunalimvetse.

Mbiriyo ikaululika popanda chilolezo chanu, kadandauleni msanga ku Health Professions Council of Zambia kapena kwa Data Protection Commissioner.