Wodwala Khansa Akayamba Kubwebweta, Sanalodzedwe

Makolo ndi abale a ku Mfuwe, mphekesera imene yafala m'midzi ya kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Mnkhanya, nifika ngakhale pa mabenchi odikirira a zipatala zathu, ndi yakuti wodwala khansa akayamba kubwebweta, kuiwala maina a ana ake ndi kugona usana wonse, ndiye kuti wachibale wamulodza. Ife anamwino tanena mpaka kummero kwauma, ndipo tibwerezanso: sanalodzedwe.

Zotupa zina, makamaka za m'mapapo, za kummero, za impso, za m'mawere ndi za khomo la chiberekero, zimatulutsa mahomoni onyenga thupi, amene amasungunula kashiamu wa m'mafupa ndi kuletsa impso kumtaya, kotero kuti mcherewo umasefukira m'magazi. Pamenepo wodwalayo amamva ludzu losatha, akodza kawirikawiri usiku ndi usana, adzimbidwa, achita nseru nasanza, miyendo ilefuka, ndipo potsiriza nzeru zisokonekera. Ndipo m'chigwa chathu chino cha Luangwa, mmene dzuwa la Okutobala limaumitsa thupi ndi thukuta, zinthu zimaipa msanga, impso zifooka, munthu nakomoka.

Nanga bwanji mumatibweretsera mayi wa mphini zatsopano pachipumi, milomo itang'aluka, atatha masiku kwa sing'anga akumwetsedwa mankhwala osanzitsa, amene angomtha madzi otsala m'thupi? Ula sungaone kashiamu. Chimene chimuona ndicho kupima magazi. Sanalodzedwe, ndipo musapasule banja poloza agogo chala.

Mukaona zizindikirozi, mtengereni wodwalayo tsiku lomwelo ku chipatala cha Kakumbi, cha Masumba kapena cha Kamoto, mutanyamula makhadi ndi mankhwala ake onse. Ngati angathe kumeza, m'mwetseni madzi oyera panjira, koma musampatse mapiritsi olimbitsa mafupa. Madzi a m'diripi, pamodzi ndi mankhwala oletsa mafupa kusungunuka, amatsitsa kashiamuyo, ndipo ambiri amatsitsimuka nazindikiranso abale awo. Chotupacho chikafuna akatswiri, adzamtumiza ku Chipata kapena ku chipatala cha khansa ku Lusaka.

Pofuna kupewa khansa, amayi pimitsani khomo la chiberekero, atsikana alandire katemera wa HPV, ndipo fodya mulekeni.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Musadikire kuti kuche, musadikire msonkhano wa banja: pitani naye ku chipatala lero.