Sukulu ya Dothi ya ku Gando

Wophunzira wanga, lero tikambirana za kamangidwe ka nyumba zimene mudzi wonse umagwiritsa ntchito, monga sukulu, sikelo ya ana kapena holo ya misonkhano. Funso lathu ndi ili: nyumba yotere imangidwe motani kuti igwirizane ndi malo amene yakhalapo? Ndikudziwa kuti sukhutira ukapanda kumva chifukwa cha chinthu, choncho tiyenda pang'onopang'ono.

Tiyambe tamvana pa mawu. Mmisiri wa mapulani ndi munthu amene amalingalira ndi kujambula mmene nyumba idzakhalire isanamangidwe. Kamangidwe kosamala ndi kamangidwe kamene sikawononga mitengo, madzi ndi nthaka, kamene eni ake angakwanitse mtengo wake, ndiponso kamene angathe kukonza okha pakawonongeka. Usunge zitatuzi: kusawononga, kukwanitsa, kukonza okha.

Chitsanzo chathu chili ku Burkina Faso, kumadzulo kwa Africa, m'mudzi wa Gando. Kumeneko kunabadwa Diébédo Francis Kéré m'chaka cha 1965. Anali mwana wa mfumu, ndipo popeza m'mudzimo munalibe sukulu, anamutumiza ku tawuni ya Tenkodogo ali ndi zaka 7. Kalasi yake inali ya mabuloko a simenti, yamdima ndi yotentha kwambiri. Atakula anaphunzira ukalipentala, kenako anapita ku Germany kumene anaphunzira za mapulani a nyumba mumzinda wa Berlin. Akadali pasukulu, mu 1998, anayambitsa bungwe losonkhanitsa ndalama, ndipo mu 2001 sukulu ya pulayimale ya ku Gando inatha kumangidwa: makalasi atatu pamzere umodzi, olekanitsidwa ndi mabwalo a mthunzi.

Chinthu choyamba kuchiona ndi khoma. Kéré anasankha dothi la pomwepo. Analisakaniza ndi simenti pang'ono, nalipanikiza m'makina kuti lituluke njerwa. Izi ndi njerwa zopanikiza: siziotchedwa mu uvuni, zimalimba chifukwa cha kupanikizidwa ndi simenti yochepa ija. Poyamba anthu a m'mudzimo sanakondwe. Kwa iwo dothi linali la amphawi, ndipo ankayembekeza kuti mwana wochokera ku Ulaya abweretsa konkire. Ndimawamvetsa. Munthu amene wakhala akumata khoma lake chaka ndi chaka mvula ikatha ali ndi chifukwa chokayikira dothi.

Komatu dothi lili ndi mphatso imene iwe uyenera kuidziwa. Khoma lokhuthala la dothi limachedwa kutentha ndipo limachedwanso kuzizira. Masana limamwa kutentha kwa dzuwa pang'onopang'ono, osakulola kufika msanga m'kati. Usiku, kunja kukazizira, limakutulutsa. M'dziko limene nyengo yotentha imapitirira madigiri 40, khoma lotere ndi lamtengo wapatali.

Mdani wa dothi ndi mmodzi: madzi. Madzi a pansi ndi madzi a kumwamba. A pansi anawatchinga ndi maziko a miyala, kuti njerwa zisakhudze chinyontho. A kumwamba anawatchinga ndi denga la malata lotambalala, lopitirira makoma kutali ndithu, kuti mvula yamphepo isamenye khoma. Denga lomwelo limaponya mthunzi pa makoma dzuwa likakwera.

Tsopano tafika povuta, ndipo tchera khutu. Malata amatentha koopsa. Ukawakhomera pamwamba penipeni pa khoma, ana a m'kalasi amapsa kuchokera kumutu. Kéré ananyamula denga lonse n'kuliika m'mwamba pa timitanda ta zitsulo, kusiya mpata waukulu pakati pa malata ndi kalasi. Pansi pa mpatawo anayala siling'i ya njerwa za dothi yokhala ndi timipata. Siling'i ndi chotchinga cha m'kati chimene umaona ukayang'ana kumwamba m'chipinda.

Chimachitika n'chiyani? Mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, choncho umakwera. Waonapo utsi wa m'khitchini yofolera ndi udzu mmene umatulukira pamwamba wokha popanda woukankha. M'kalasi ya ku Gando mpweya wotentha umakwera, umadutsa m'timipata ta siling'i, n'kufika pampata uja pamene mphepo imaukokolola. Ukatuluka, mpweya wina wozizirirapo umalowa m'mazenera kudzatenga malo ake. Tibwerezenso: wotentha ukwera ndi kutuluka, wozizira ulowa. Uku ndiye kuyenda kwa mpweya kwachilengedwe, ndiko kusinthana kwa mpweya m'nyumba popanda fani kapena magetsi.

Uonenso kuti Kéré sanakane zinthu za kusitolo. Malata alipo, simenti ilipo, zitsulo zilipo. Koma chilichonse anachiika pokhapokha pamene dothi silikanatha ntchito. Ngakhale timitanda tija anatipanga ndi zitsulo wamba zolimbitsira konkire, zodulidwa ndi sowo yapamanja ndi kuwotcherera pomwepo, popanda makina onyamulira katundu m'mwamba. Pamenepa m'pamene ine ndimamutamanda kwambiri. Nyumba siigwirizana ndi mudzi chifukwa choipaka penti yofanana ndi nthaka. Imagwirizana nawo ikamangidwa ndi nthaka yake, ikamadziwa dzuwa lake ndi mvula yake.

Chatsala ndi manja. Sukuluyi anaimanga eni mudzi. Ana anatola miyala ya maziko, amayi anatunga madzi oumbira njerwa, ndipo amuna anaphunzira kuumba, kumanga ndi kuwotcherera. Amene wamanga khoma ndi manja ake amadziwa kulikonza. Luso lomwelo linagwiranso ntchito pomanga nyumba za aphunzitsi ndi makalasi ena owonjezera. Mu 2004 sukuluyi inalandira mphoto ya Aga Khan, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa ntchito ya mapulani a nyumba.

Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa ife. Nyumba ya mdindo, zidina ndi khonde lotambalala n'zinthu zimene agogo athu ankazidziwa. Njerwa zootcha zatha mitengo yambiri m'Malawi muno, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 kunakhazikitsidwa malamulo oletsa njerwazi pa zomangamanga za boma ndi za malonda. Tikufunika anthu odziwa kumanga bwino ndi dothi, ndipo iwe ungathe kukhala mmodzi mwa iwo.

Ntchito yako sabata ino nayi. Lowa m'kalasi yanu nthawi ya masana, ugwire khoma la kum'mawa ndi la kumadzulo, uyang'ane mpata wa pakati pa malata ndi khoma, uone kumene madzi a padenga amagwera. Kenako ujambule kalasi yomweyo mmene iwe ukanaimangira, ndi mivi yosonyeza polowera ndi potulukira mpweya. Ubwere nacho chojambulacho tidzachione limodzi.