NSALU YA CITSANZO

Kusoka kuli mitundu iwiri. Kulipo kusoka kolumikiza nsalu, monga kusoka malaya kapena kuika cigamba pa kabudula wong'ambika. Kuliponso kupeta, ndiko kulemba maluwa, mbalame ndi malembo pansalu ndi singano ndi ulusi wa maonekedwe osiyana-siyana. Munthu akhoza kukhala wodziwa kusoka zaka zambiri, koma tsiku limene alowa m'kalasi la kupeta apeza kuti ayenera kuyambanso ngati mwana. Mphunzitsi sampatsa nsalu ya pathebulo kapena diresi ai. Ampatsa kansalu kakang'ono, ndipo pa kansaluko ndi pamene ayesera kasokedwe kali konse katsopano. Angerezi akacha kansalu kotere sampler, ndiko kunena citsanzo.

Kale-kale kunalibe mabuku oonetsa kapetedwe. Mkazi akaona duwa lokongola pa cobvala ca mnzace, analibe pena polisunga koma pansalu. Tsono anali kutenga singano nalisoka pa kansalu kace, kuti pakapita zaka alione ndi kukumbukira m'mene linasokedwera. Kansaluko ndiko kanali buku lace. Zidutswa za nsalu zotere, za zaka zoposa 500, zinapezedwa m'manda a ku Egypt. Mabuku oyamba a zitsanzo za kupeta anadindidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1520, koma anali a mtengo wapatali, kotero kuti akazi ambiri anapitirizabe kusunga nzeru zao pansalu.

Ku England nsalu ya citsanzo yakale kopambana zonse zokhala ndi caka colembedwa ndi ya Jane Bostocke, ya 1598. Iye anapeta ndi ulusi wa silika pa bafuta, naikapo mikanda ndi ngale. Analembapo dzina lace, ndi tsiku lobadwa kamwana ka mbale wace, Alice Lee, 23 November 1596. Pamwamba pali galu, mitengo ndi cimbalangondo comangidwa ndi unyolo. Coposa zonse kudabwitsa ndi ici: pali malo ena pamene ulusi unasololedwa, koma zibowo za singano zikali kuoneka. Akatswiri poyang'anitsitsa zibowozo aona kuti panali gologolo, khwangwala ndi njobvu yonyamula nyumba pamsana. Nsaluyo yasungidwa ku Victoria and Albert Museum mu London kuyambira 1960.

M'kupita kwa nthawi nsalu ya citsanzo inasanduka phunziro la pasukulu. Atsikana anali kupeta malembo kuyambira A kufikira Z ndi manambala, cifukwa nsalu za m'nyumba zinali kulembedwa dzina la mwini wace kuti zisasokonezeke kocapa. Ku Bristol, m'nyumba za ana amasiye zimene George Müller anamanga, atsikana anali kudzaza kansalu ndi timalembo tofiira tating'ono-ting'ono. Mtsikana pocoka kukafuna nchito anali kutenga kansaluko, ndipo kanali kumcitira umboni woposa kalata. Ndi amishoni phunziro la singano linafika m'masukulu a mu Africa, ndi kuno ku Zambia komwe. Ngakhale akulu alowa m'makalasi otere: Royal School of Needlework, imene inayamba mu 1872, iphunzitsabe anthu kupeta ku Hampton Court Palace.

Nanga m'kalasimo acita ciani? Kasokedwe koyamba kuphunzira ndi ka mtanda. Pafunika nsalu imene ulusi wace uoneka bwino kuti uwerengeke. Kwa woyamba ngakhale ciguduli cocapa bwino cikwanira. Singano ikhale yobuntha, kuti izilowa pakati pa ulusi wa nsalu osaubaya. Ulusi wopetera wa m'sitolo uli ndi timitsitsi 6 topotana, koma pa nsalu yosalala wophunzira apatulapo 2 tokha. Audula utali woyambira pacala kufikira pacigongono, pakuti wautali kuposa apo upiringizika. Samanga mfundo ai. Asiya kamcira kuseri, ndipo mitanda yoyamba ikapanikiza kamcirako ulusi sucokanso. Lamulo lina ndi lakuti ulusi wapamwamba wa mtanda uli wonse upendekere mbali imodzi-modzi. Mtanda umodzi wokha wopendekera kwina uoneka patali ngati mbuzi pakati pa nkhosa.

Pambuyo pace abwera masokedwe ena: ka unyolo, ka phesi kolembera nthambi, ndi kodzaza masamba. Amenewa sacedwa kulowa m'manja.

Cobvuta ceni-ceni ndico kukonza citsanzo ca iye mwini. Apa singano iyamba yagona, ndipo wophunzira atenga pensulo ndi pepala la m'buku la masamu, la timabokosi. Kabokosi kamodzi kaimira mtanda umodzi. Tinene kuti afuna kupeta dzina la malembo 6, ndipo lembo liri lonse litenga timabokosi 5 m'mimba mwace ndi 7 m'litali. Malembo okha adya timabokosi 30. Pakati pa malembowo pali mipata 5, ndipo mpata uli wonse ukakhala wa timabokosi 2, ndito 10. Dzina lonse tsono ndi timabokosi 40. Mtanda uli wonse ukaphimba ulusi 2 wa nsalu, dzinalo lifuna ulusi 80. Wophunzira apinda nsalu pawiri kuti apeze pakati, nawerenga mitanda 20 kumka kumanzere, ndipo pamenepo ndi poyambira. Wina wacangu amene ayamba m'mphepete osawerenga aona lembo lotsiriza likusowa pokhala, ndipo alipanikiza mpaka lipindika.

Malire ozungulira nsalu ndiwo ayesa munthu koposa. Duwa la m'malire libwerezedwa-bwerezedwa mbali zonse zinai, ndipo liyenera kukomana bwino pangondya. Akaphonya ulusi umodzi wokha poyamba, palibe cimene cioneka tsiku limenelo, ngakhale mawa lace. Colakwaco ciyenda naye mwakacetecete mbali yoyamba, yaciwiri ndi yacitatu, ndipo cidzaonekera pangondya yotsiriza, pamene mizere iwiri ikana kukomana. Pamenepo palibe mankhwala ena koma kubwerera m'mbuyo, kuwerenga kufikira apeza pamene anaphonya, ndi kusolola nchito ya masabata awiri kapena atatu. Ambiri alira misozi pa ngondya imeneyi, ndipo ena aponya nsalu m'bokosi osaitenganso. Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru auza ophunzira ace kuti ayambe asoka ulusi wosakhalitsa kuzungulira nsalu, kuika cizindikiro pa ulusi 10 uli wonse, kuti colakwa cigwidwe cisanapite patali.

Nsalu ikatha, wophunzira apeta dzina lace ndi caka pansi pace, monga anacitira Jane Bostocke, naipereka kwa mphunzitsi. Mphunzitsi sayamba ndi kuyamikira maluwa. Aitembenuza, nayang'ana kuseri, kuona ngati kuli mfundo kapena ulusi wolumpha kucokera ku lembo lina kumka ku linzace. Akatero aikweza kudzuwa ndi kuwerenga mitanda ya pangondya.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji akazi akale anali kusunga nsalu ya citsanzo?
2. Akatswiri adziwa bwanji kuti pa nsalu ya Jane Bostocke panali njobvu?
3. Dzina la malembo 4 lifuna timabokosi tingati, malembo ndi mipata zikakhala monga za m'phunziro lino?
4. Lembani dzina lanu pa pepala la timabokosi, ndipo muonetse pakati pace.