Muli ndi Shuga? Yezetsani Mapazi Chaka Chilichonse

Uthenga kwa mabanja a ku Angónia

Chisanu cha Juni ndi Julayi chikalusa kumapiri kuno, tonse timasendeza mapazi kumoto. Moto ukawawula, phazi limathawa lokha. Koma alipo ena odwala shuga amene amadzuka m'mawa n'kupeza matuza kuphazi, osadziwa kuti apsa nthawi yanji. Phazi lotere lasiya kumva, ndipo lili pangozi.

Gwero la vutoli

Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri, amawononga pang'onopang'ono mitsempha imene timamvera kupweteka, kutentha ndi kuzizira. Vutoli limayambira ku zala za mapazi onse awiri n'kumakwera, ndipo limagwira pafupifupi theka la odwala shuga. Munga wolasa m'dimba la kachewere, kamwala ka m'nsapato kapena tekenya zimasanduka chilonda chosapola munthu asakumva kanthu. Ena mapeto ake amadulidwa mwendo.

Zizindikiro

- Dzanzi kumapazi.
- Mapazi kutentha ngati mwaponda makala, makamaka usiku.
- Kubayabaya ngati singano.
- Patapata kuvuka inu osazindikira.

Ambiri saona chizindikiro chilichonse, choncho musadikire kuti phazi lipweteke.

Muyezetse liti?

Amene shuga wamupeza ali wamkulu ayezetse akangouzidwa kuti ali ndi matendawa, kenako kamodzi chaka chilichonse. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, wofala mwa ana ndi achinyamata, ayambe pakatha zaka 5 kuchokera pamene anamupeza ndi matendawa.

Mukapita ku Hospital Rural de Ulongué, kuchipatala cha ku Dómuè kapena china chapafupi, vulani nsapato ndi masokosi, muuze anamwino kuti, "Ndili ndi shuga, mundioneko mapazi." Pomwe zipangizo zilipo, amakugunditsani kaulusi ka nayiloni kotchedwa monofilament, kamene kamapindika pa mphamvu ya magalamu 10, inu mutatsinzina, kuti munene ngati mwamva. Sabaya jakisoni, satenga magazi, ndipo sizitenga nthawi. Auzeninso ngati mumamwa mowa, mankhwala a TB kapena ma ARV, kapena ngati mwakhala zaka mukumwa metformin, chifukwa zimenezi nazo zingakhudze mitsempha.

Kuyezana pakhomo

Madokotala a ku Ipswich, ku England, anafalitsa njira iyi mu 2011. Imangofuna chala cha m'bale wanu.

1. Wodwala agone, avule nsapato, atsinzine.
2. Woyeza akhudze mopepuka nsonga ya chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Asakanikize, asakande, asabwereze.
3. Wodwala anene "eya" akamva.

Ngati sanamve pa zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zala 6 zimenezi, apite kuchipatala.

Kusamala mapazi tsiku ndi tsiku

- Onani mapazi madzulo aliwonse: pansi, kuchidendene ndi pakati pa zala. Ngati maso akuvuta, mwana kapena mdzukulu akuonereni.
- Madzi osamba yesani ndi chigongono musanaviike phazi. Pukutani bwino pakati pa zala.
- Kukazizira valani masokosi, mapazi akhale patali ndi moto ndi mbaula.
- Musayende opanda nsapato, kaya kumunda kaya pabwalo. Kutumulani nsapato musanavale.
- Musadule zikang'a ndi lezala, musateme mphini kuphazi.
- Imwani mankhwala a shuga monga anakuuzirani, ndipo siyani fodya.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona chilonda, thuza, mafinya, fungo, phazi lotupa ndi lotentha, kapena chala chakuda. Musathire zitsamba kapena phulusa.

Mtsempha ukafa suchedwa kubweretsa chilonda, koma phazi loyang'aniridwa limapulumuka. Ngati pakhomo panu pali agogo, amayi kapena abambo a shuga, khalani nawo pansi lero madzulo, muwavule nsapato, muwakhudze zala.